Ulendo wa ku Show: Kabuku ka Mabanja a ku Makeni

Kumapeto kwa Julaye, mphepo yozizira ikayamba kuulutsa fumbi m'misewu ya ku Makeni, mageti a Showgrounds amatsegulidwa ndipo Lusaka yense amakhamukira kumeneko. Chiwonetsero cha zaulimi ndi zamalonda, chomwe tonse timangoti Show, chimayendetsedwa ndi bungwe la Agricultural and Commercial Cooperative Society of Zambia, ndipo chimatha Lolemba loyamba la Ogasiti, Tsiku la Alimi, lomwe ndi tchuthi m'dziko lonse. Cha 2019 chinali cha nambala 93. Mu 2020 ndi 2021 sichinachitike chifukwa cha Covid-19, chinadzabwereranso mu 2022.

Ambiri a ife timalowa pageti, kuona gulu la asilikali likuguba m'bwalo lalikulu, kukweza ana pa zisudzo, kudya, kenako kubwerera ndi chipewa cha pepala ndi mapazi otupa. Palibe cholakwa, chisangalalo n'chofunika. Koma chimandiwawa n'chakuti pa masiku ochepa amenewa madotolo a ziweto, akatswiri a mbewu, oweta odziwa ntchito ndi alimi opambana a m'zigawo zonse khumi amakhala pamalo amodzi, okonzeka kuyankha aliyense popanda kulipiritsa, ife n'kumangowadutsa. Masiku ena onse a chaka munthu umawononga ndalama ya minibasi kuwasakasaka m'maofesi. Safunsa anadya phula. Kabuku kano n'kokuthandizani kupita ku Show ndi funso lochokera pakhomo panu, n'kubwerako ndi yankho.

Musanachoke pakhomo

Madzulo a tsiku loti mawa ulendo, khalani pansi banja lonse, amayi, abambo, ana ndi mnyamata wosamala khola ngati alipo. Aliyense anene chomwe chinamuvuta chaka chino. Mwina anapiye amafa sabata yoyamba. Mwina tomato amaola kumunsi asanapse, kapena mbuzi yabereka kawiri ana akufa. Lembani m'kope mafunso osapitirira asanu. Jambulani pafoni zitosi za nkhuku yodwalayo, tsamba lopiringizikalo, denga la kholalo, chifukwa katswiri amathandiza msanga akaona ndi maso. Yezaninso malo anu ndi mapazi kapena chingwe, ndipo mudziwe kuti dilawo kapena chitsime chanu chimadzaza madiramu angati patsiku mu Okutobala, madzi akatsika. Wogulitsa pampu aliyense adzayamba wafunsa zimenezi.

Ndalama muigawe patatu: yolowera ndi yoyendera, yodyera, ndi yogulira chinthu chimodzi chomwe mwagwirizana. Mtengo wa pageti umasintha chaka ndi chaka, choncho mverani pawailesi. Ngati n'kotheka pitani masiku oyambirira, mkati mwa sabata, anthu asanachuluke. Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba lomalizalo kumakhala chinamtindi cha anthu, moti wa pa sitandi amayankha mothamanga. Kuchokera ku Makeni, lawirirani msewu wa Kafue usanathinane, mukasinthe m'tauni n'kukwera minibasi za ku Chelstone zodutsa Great East Road, mukatsike cha ku Manda Hill kapena ku Arcades. M'mawa kumazizira, masana dzuwa limaswa mtengo: tengani juzi, chipewa ndi botolo la madzi. Mwana wamng'ono mumulembere nambala yanu ya foni pakapepala n'kumuika m'thumba, ndipo mukangolowa musankhe malo amodzi okumanirana wina akasochera. Foni ndi ndalama zikhale kutsogolo, osati m'thumba la kumbuyo.

Valani nsapato zochapika. Chifukwa chake muchimva tikafika pa nkhani ya matenda.

Kumakola a ziweto

Yambirani kuno m'mawa, ziweto zisanatope ndiponso eni ake asanatanganidwe. Mudzaona nkhunzi za Boran, zochokera ku Ethiopia ndi Kenya, za linunda lalikulu. Za Brahman za makutu ogwa ndi chikopa cholendewera pakhosi. Za Bonsmara zofiira, mtundu womwe unapangidwa ku South Africa. Zimakhala zosambitsidwa, zopesedwa, ziboda zoyera, ndipo zikamayendetsedwa mozungulira bwalo munthu umaima pakamwa yasa. Yang'anani bwino zomwe woweruza akuchita. Sathamangira kukula kwa nyama. Amaima kumbuyo kuona ngati miyendo ili yowongoka, amaona msana ngati uli wosapindika, amasuzumira pansi kuona machende a nkhunzi ngati ali ofanana, ndipo kwa yaikazi amaona bere ndi nsonga zake zinayi. Amaiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina. Maso amenewo ndi amene mukufunika kupita nawo kwanu, chifukwa ndi omwewo ogulira mbuzi ku msika wa ku Chibolya kapena posankha msoti wosiya pakhola.

Kenako funsani woisamala, osati mwini wake yekha, koma mnyamata amene wagwira chingweyo: imadya chiyani patsiku, imamwa madzi ochuluka bwanji, imapita kudibi kangati? Mukamva yankho mudzazindikira kuti nkhunzi ya mphothoyo ili ndi munda wakewake wa msipu ndi nkhokwe yakeyake. Ng'ombe ya mkaka ya Friesian imatha kumwa malita 60 kapena kuposa patsiku. Pa puloti ya maekala asanu, madzi ake a dilawo yodalira magetsi, imeneyo si nkhani yaing'ono. Tonse tikukumbuka 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, madzi a ku Kariba atatsika, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Jersey ndi yaing'ono, imadya mochepa, imapirira kutentha, ndipo mkaka wake ndi wa mafuta. Banja lofuna ng'ombe imodzi kapena ziwiri liyambe kufunsa za imeneyo kapena za makolosi ake.

Musanyoze ng'ombe zathu. Ya Angoni ya ku Eastern Province, ya nyanga zazifupi ndi linunda, ya Barotse ya nyanga zazitali ya ku zigwa za Zambezi, ndi ya Tonga ya kumwera, n'zazing'ono pozifanizira ndi zinazo, koma zimadutsa chilimwe pa udzu wouma ndipo zinazolowera nkhupakupa za kuno. Nkhupakupa ndi zomwe zimafalitsa denkete, matenda amene anatha makola ambiri ku Southern Province. Ng'ombe ya mtundu wakunja ikaphonya dibi milungu ingapo nthawi ya mvula, mwini wake amalira.

Kwa mabanja ambiri a ku Makeni, khola loyenera kutherapo nthawi ndi la mbuzi. Mbuzi ya Boer, yoyera thupi, mutu wofiirira, imakopa aliyense, ndipo Kalahari Red nayo siichepa. Nzeru yomwe oweta ambiri amapereka ndi yakuti musagule gulu lonse la mtundu, gulani tonde mmodzi wabwino akwere mbuzi zanu zachikuda. Ana ake amakula msanga ngati bambo wawo, n'kupirira ngati mayi wawo. Tonde mmodzi amakwanira zazikazi 20 ndi kuposa, choncho mabanja oyandikana atha kusonkherana. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo tonde asinthidwe asanayambe kukwera ana ake omwe.

Pemphani woweta akuonetseni kuwerenga zaka pa mano. Adzagwira mbuziyo pachibwano, n'kutsitsa mlomo wam'munsi ndi chala chachikulu. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, ali m'munsi mokha, asanu ndi atatu. Ngati onse ali ang'onoang'ono ofanana, sinakwane chaka. Awiri apakati akakhala aakulu otambalala, yapitirira chaka. Anayi aakulu, ili cha m'zaka ziwiri. Onse asanu ndi atatu akakhala aakulu, yafika zaka zinayi kapena kuyandikira, ndipo akayamba kuperepeseka ndi kutalikirana, imeneyo ndi nkhalamba, ngakhale wogulitsa alumbire. Akuonetseninso kutsitsa chikope cha m'munsi: mkati mukakhala mofiira bwino, magazi alimo, mukayera ngati pepala, njoka za m'mimba zaimaliza. Zinthu ziwirizi zimaphunzirika pa mphindi zisanu, ndipo mwana wa giredi 7 atha kuzigwira bwino kuposa akuluakulu. Mutengeni aone.

Nkhuku, ndi masamu ake

Pa masitandi a nkhuku pamakhala anapiye okongola m'mabokosi, ndipo mtima umafuna kunyamula pompo. Yambani mwawerengera. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, kutanthauza kuti nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 pa masiku anayi, ndipo dzira loyamba limabwera pakatha milungu 18 mpaka 20. Miyezi yonseyo mukungodyetsa. Ya nyama imagulitsidwa pa milungu isanu ndi umodzi itadya makilogalamu anayi kapena kuposerapo pang'ono. Funsani mtengo wa thumba lililonse la chakudya, muchulukitse pomwepo m'kope lanu, muwonjezere makala a mbaula, pakuti usiku wa Ogasiti mwanapiye wopanda moto safika m'mawa. Mukatero dzifunseni kuti mudzagulitsa kwa yani, chifukwa ku Makeni pafupifupi mpanda uliwonse uli ndi khola, ndipo ku msika wa Soweto mitengo imagwa onse akakolola pamodzi.

Amene alibe ndalama ya matumba afunse za Black Australorp, Sasso ndi Kuroiler, nkhuku zotha kudzitolera zina pabwalo n'kumawonjezeredwa gaga ndi masamba. Koma kaya ndi ya mtundu wanji, mdani wake ndi chitopa. Chilibe mankhwala, chili ndi katemera basi. Alipo wodonthezera m'diso, wotchedwa I-2, amene safuna firiji kwambiri ngati enawo, ndipo amabwerezedwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Pitani pa sitandi ya unduna woona za ziweto mukafunse komwe mungamupeze pafupi ndi kwanu ndiponso dzina la wothandiza za ziweto wa dera lanu. Sitolo ya Livestock Services Cooperative Society ili m'dera la Showgrounds lomwelo ndipo imagwira ntchito chaka chonse, choncho dziwani khomo lake lero kuti tsiku la mavuto musadzasochere.

Zomwe zimabwera ndi nsapato

Chaka china ndikutuluka pageti madzulo ndinapeza munthu akugulitsa atambala m'mbali mwa msewu, akuti ndi otsala a pachiwonetsero. Ndinagula mmodzi wamkulu, wa lipombo lofiira, ndipo nditafika kunyumba kutada ndinangomuponya m'khola. Patatha masiku anayi anayamba kuodzera, mapiko pansi, zitosi zobiriwira. Sabata yotsatira mathadzi anayamba kupotoka makosi, kumazungulira pamalo amodzi. Mayi a kunyumba ankatola mitembo m'mawa uliwonse ndi wilibala, ndipo nkhuku zomwe zinkalipira yunifolomu ya ana zinathera m'dzenje kuseri kwa nthochi. Chitopacho chinalumphanso mpanda n'kulowa kwa aneba, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero.

Chiweto chilichonse chatsopano, kaya chachokera kwa woweta wotchuka, chikhale pachokha milungu itatu kapena inayi, kutali ndi zinzake, ndi chomwera chakechake, ndipo muzichidyetsa pomalizira. Mbuzi, nkhosa, nkhumba kapena ng'ombe sizisamutsidwa popanda chilolezo cha a zaziweto, ndipo wogulitsa woona sakwiya mukamufunsa mapepala ndi mbiri ya katemera. Njira yabwino ndi kutenga nambala yake ku Show, n'kudzapita kufamu kwake tsiku lina kukaona mayi ndi bambo wa chiwetocho ndi momwe khola lake lilili.

Ngakhale musagule kanthu, mwaponda pomwe paponda anthu a makola mazanamazana. Mukafika kunyumba musalowe m'khola ndi nsapato kapena zovala zomwezo. Chapani nsapato ndi sopo, muziviike m'mankhwala ophera tizilombo, musambe, musinthe. Oweta nkhumba asamale koposa: chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chimayenda pa nsapato, pa matayala ndi m'zotsala za nyama, ndipo chinapululutsa makola kuno ku Lusaka mu 2013. Makombo a soseji ochokera ku Show asapite kwa nkhumba.

Masitandi a zigawo ndi zakudya zake

Mbewu zomwe mudzaone m'masitandi a zigawo sizinangotoledwa. Zimayamba kupikisana kumidzi, zopambana n'kupita ku chiwonetsero cha boma, kenako cha chigawo, n'kudzafika ku Lusaka. Ndiye chitsononkho chimene mwagwiracho chapambana kangapo, ndipo kawirikawiri amene waima pambali pake ndi mlangizi kapena mlimi mwini wake. Apa m'pamene dziko lonse limakwana m'chipinda chimodzi: mpunga wonunkhira wa ku Mongu, wa ku Nakonde ndi wa ku Chama, nyemba za ku Mbala, za Solwezi, za Lundazi ndi kabulangeti, mtedza wa chalimbana wa kwathu kum'mawa, uchi wa ku Kabompo ndi Mwinilunga, kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, chisense cha ku Luapula, vinkubala zouma, ufa wa chinangwa, mawere ndi mapira.

Lawani, koma lawani ndi mafunso. Chikanda, chophikidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, nsinjiro, soda ndi tsabola, chimadulidwa ngati buledi; funsani amayi ophikawo chifukwa chake timizuto tikukwera mtengo, adzakuuzani kuti tikusowa m'madambo moti tina timachokera ku Tanzania. Munkoyo, chibwantu cha Atonga ndi thobwa lathu n'zapachibale, koma chilichonse chili ndi kafulidwe kake. Mudzapeza tute ndi mbalala, chinangwa chootcha chodyera mtedza, ndi ifisashi, yomwe ife timati ndiwo zotendera.

Chimene ndimapempha amayi ndi abambo omwe kuti aonetsetse ndi mfutso. Ku Makeni timataya masamba ambiri nthawi ya dzinja, chibwabwa, bondwe, kalembula, khwanya, kenako mu Okutobala n'kumagula repu wodula. Gwirani mfutso wa pa sitandi muone: wabwino umakhala wobiriwirabe, wosanunkha chuku, wothetheka m'manja. Umatero chifukwa amaufutsa pang'ono m'madzi otentha a mchere, n'kuuyanika pamthunzi podutsa mphepo kapena m'choumitsira cha pulasitiki, osati pa thumba pansi pomwe nkhuku zikupalasa. Funsani kuti choumitsiracho anachipanga bwanji, mujambule. Kalipentala wa pa Makeni atha kuchikhoma ndi matabwa otsala. Funsaninso za chimanga cha olenji, chomwe chinatulutsidwa m'dziko muno mu 2012, ndi mbatata ya olenji mkati. Zonsezi zili ndi vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi mwa ana, ndipo phala lake ana amalikonda chifukwa limatsekemera.

Pa zophikaphika, kumbukirani kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Idyani chotentha chochoka pamoto mukuona. Michopo ikhale yopsa mpaka mkati. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kumakola musanagwire chakudya, makamaka ana, amene amasisita mbuzi kenako n'kutenga chitumbuwa.

Mbewu ndi makina

Makampani a mbewu monga Seed Co, Zamseed ndi Pannar amakhala ndi timinda tachitsanzo tokongola. Kumbukirani kuti timathiriridwa ndi kudyetsedwa mosalekeza. Funso lanu likhale lakuti mbewuyi imacha pa masiku angati ndipo imatani mvula ikadula mu Januwale. Lusaka ili m'chigawo cholandira mvula ya mamilimita 800 mpaka 1,000 pachaka chabwino, ndipo zaka zabwino sizibwera motsatana. Kubzala yocha msanga mbali ina, yapakatikati mbali ina, kumateteza nkhokwe. Lima imodzi, ya mamita 50 mbali zonse, imafuna makilogalamu asanu a mbewu ya chimanga. Paketi ikhale yomata, ya chizindikiro cha SCCI, bungwe la boma loyesa mbewu la ku Chilanga. Mukagula mu Ogasiti, isungeni pouma ndi pozizira, kutali ndi feteleza ndi ana, chifukwa ndi yopaka mankhwala. Kumayambiriro kwa Novembala yalani njere 20 pa chiguduli chonyowa. Zikamera zosakwana 18 pakatha sabata, bwererani kwa wogulitsa ndi lisiti lanu.

Akatswiri ofufuza zaulimi a ZARI a ku Mount Makulu ndi amene mungawaonetse chithunzi cha mbozi ya ntchemberezandonda, yomwe inalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ndi kuwafunsa za kuyeza dothi. Pa anankafumbwe, funani matumba a PICS osalowa mpweya, osunga chimanga ndi nyemba popanda mankhwala, ndipo akuonetseni kamangidwe kake, chifukwa thumba lomangidwa molakwika n'chimodzimodzi thumba wamba.

Mapampu a sola ndi mapaipi odonthezera ndi amene akukopa anthu a mapuloti masiku ano. Musalipire tsiku lomwelo. Tengani mitengo kwa atatu, aliyense alembe papepala kuti pampu yake imakoka madzi kuchokera pa mamita angati, malita angati patsiku, chitsimikizo chake n'cha zaka zingati, ndipo ikafa zipangizo zake zimapezeka sitolo iti mu Lusaka muno. A WARMA, oyang'anira za madzi, mukawapeza afunseni za kulembetsa dilawo, lamulo lomwe linayamba mu 2018. Mapepala a ngongole musasainire pa sitandi pali phokoso la zokuzira mawu. Pitani nawo kunyumba mukawerenge awiri.

Abale athu a ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands, amene bwalo lawo ndi laling'ono, asaone ngati Show si yawo. Akalulu amabereka pakatha mwezi umodzi ndipo amakhala m'kakhola ka pakhonde. Zinziri, bowa wolimidwa m'mapulasitiki ndi ndiwo za m'matumba sizifuna munda. Angoyamba afunsa a khonsolo ndi eni nyumba zomwe zimaloledwa kumene akukhalako.

Mukabwerera

Mapepala onse mwatola aikeni mufayilo imodzi, ndipo pa nambala iliyonse mulembe kuti mwini wake munakambirana naye chiyani, chifukwa pofika Seputembala mudzakhala mutaiwala. Mawa lake khalaninso pansi ndi kope lija. Aliyense anene yankho lomwe anapeza pa funso lake, ndipo amene anatsala kulonda pakhomo auzidwe zonse ndi kuonetsedwa zithunzi, pakuti nthawi zambiri ndi iyeyo amene amagwira ntchito ya m'khola. Sankhani chinthu chimodzi choti muyambe mwezi womwewo. Ngati ndi katemera wa chitopa, uzani aneba a mbali zonse mugule botolo limodzi, chifukwa lili ndi madontho okwanira nkhuku zambiri ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Pangani tsiku, mutsekere nkhuku usiku, mudzatemere m'mawa kusanatenthe, ndipo mulembe pakalendala tsiku lobwereza mu Disembala.